Timapiritsi Tiwiri M'kamwa mwa Sajeni

1. Phunziro la Lachisanu

Kunyumba kwawo ankamutchula kuti Pulofesa. Dzinali anamupatsa ndi achimwene ake, chifukwa mtsikanayu sankalola kuti chinthu chingodutsa osachifotokoza. Mkaka ukasasa, Pulofesa ankanena chifukwa chake. Babu likapsa, ankanenanso chifukwa chake. Ngakhale munthu atangoyetsemula, iye ankafuna kumuuza zimene zachitika m'mphuno mwakemo. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ali Fomu 3, ndipo pa bayoloje panalibe womuposa m'kalasi monse.

Lachisanu lina aphunzitsi a bayoloje anabwera atanyamula paipi ya labala yothiririra maluwa. Anatulutsa ophunzira onse panja n'kulumikiza paipiyo ku mpopi wa kuseri kwa kalasi. Madzi atayamba kutuluka, anatseka theka la kukamwa kwa paipi ndi chala, madziwo n'kuuluka mwamphamvu mpaka kunyowetsa anyamata amene anaima kutsogolo. Atachotsa chala, madzi anangotsika mofatsa n'kumagwera pafupi ndi nsapato zawo.

Anafotokoza kuti mitsempha ya magazi imafanana ndi paipiyo, kungoti iyo ndi yamoyo. M'makoma ake muli timinofu totha kumangika ndi kumasuka. Kachikopa kopyapyala ka m'kati mwa mtsempha kamapanga kampweya kotchedwa nayitiriki okusaidi. Kampweyaka kakafika pa timinofu tija, timamasuka, mtsempha umatakasuka, magazi amadutsa mosavuta, ndipo mphamvu imene amakankhira makoma a mtsempha, imene anthu amangoti bipi, imatsika. Anatinso kampweyaka sikachedwa kutha, kotero thupi limakapanga pang'onopang'ono pamalo pamene kakufunika. Zimenezi zimachitika mwa munthu, mwa ng'ombe, mwa galu, ngakhale mwa khoswe.

Pulofesa anakweza mkono. Anafunsa ngati timapiritsi timene bambo ake amaika pansi pa lilime chifuwa chikawagwira timagwira ntchito chomwecho. Aphunzitsi anavomera, nati mapiritsi otere akalowa m'thupi amatulutsa kampweya komweko, mitsempha n'kutakasuka, mtima n'kupepukidwa ntchito. Kenako anatseka mpopi n'kuwayang'ana onse.

"Tamverani bwino, makamaka inu amene mumakhoza," anatero. "Ine mwana amene sanamve phunziro sandiopsa, chifukwa ameneyo sakhudza kanthu. Amandiopsa ndi amene wamva theka. Lero mwaphunzira mmene mtsempha umatakasukira. Simunaphunzire kuti uyenera kutakasuka liti, kapena kuti ndi liti pamene thupi limaumanga dala kuti chamoyo chisafe. Zimenezo anthu amaziphunzira zaka zambiri, akamaliza n'kumafunsabe anzawo. Mukapita kunyumba musakasanduke madokotala. Mankhwala amene munthu wapatsidwa kuchipatala ndi a iyeyo basi, si a mkazi wake, si a mwana wake, si a mbuzi yake."

Anzake anaseka za mbuzizo. Pulofesa analemba dzina la kampweya kaja m'kope n'kulidula mzere kawiri. Chenjezolo sanalilembe, poti linali losabwera pa mayeso.

2. Pansi pa benchi

Bambo ake a Pulofesa anali kalipentala. Ankagwirira ntchito m'shedi ya malata kuseri kwa nyumba, mmene munkanunkhira utuchi ndi vanishi. Pansi pa benchi yopalirapo matabwa ndi pamene pankagona Sajeni, galu wofiirira wa khutu long'ambika, wa zaka zisanu ndi zinayi. Anamupatsa dzinali chifukwa kasitomala aliyense wolowa m'shedimo ankayamba wamununkhiza nsapato, ngati akumusecha.

Bambo ankacheza ndi galuyu ngati munthu mnzawo, ndipo panali chifukwa. Zaka ziwiri m'mbuyomo, chifuwa chitawagwira koyamba n'kugwera pakati pa matabwa, Sajeni ndi amene anakauwa pakhomo la khitchini osaleka mpaka mayi anatuluka kudzaona. Kuyambira pamenepo bambo ankayenda ndi kabotolo ka timapiritsi m'thumba la shati, ndipo kena kankakhala m'dilowa ya pambali pa bedi.

Loweruka m'mawa bambo ndi achimwene anakweza kabati pa galimoto ya hayala kukapereka kwa kasitomala. Mayi anali kuntchito kusitolo. Pulofesa anatsala yekha akuchapa yunifolomu. Anadabwa kuti Sajeni sanaperekeze galimoto mpaka pageti monga ankachitira, koma anangoti mwina ndi ulesi wa ukalamba.

Cha m'ma 11 koloko, akupita kukayanika zovala, anamva kupuma kwa wefuwefu kuchokera m'shedi. Anapeza Sajeni atagona cham'mbali, mimba ikukwera ndi kutsika mofulumira. Anamuikira madzi, galu sanawayang'ane n'komwe. Anamutukula mlomo n'kuona kuti nkhama zake zayera ngati pepala. Mapazi ake anali ozizira, ndipo atamugwira pachifuwa, mtima unkagunda mothamanga zedi.

Chipatala cha ziweto sichinali kutali, ulendo wa mphindi makumi awiri wapansi. Aneba awo analinso ndi foni yoti akanatha kuimbira bambo, koma mabanja awiriwa anali asakulankhulana chiphereni Sajeni tambala wa anebawo. Pulofesa anaima pakhomo la shedi n'kuganiza mwachangu. Nkhama zoyera, mapazi ozizira: ndiye kuti magazi sakufika. Magazi akapanda kufika, ndiye kuti mitsempha yamangika. Ndipo chomasulira mitsempha chinali m'nyumba momwemo.

Anathamangira kuchipinda, natsegula dilowa, natenga kabotolo kaja n'kubwerera nako m'shedi. Bambo ankaika kamodzi, koma Sajeni ankaoneka wodwala kuposa mmene bambo ankadwalira, ndiye iye anatulutsa tiwiri. Anagwada mu utuchi, n'kutilowetsa pakati pa tsaya ndi nkhama za galuyo, n'kumugwira pakamwa kuti asatilavule.

3. Wangogwa

Sipanathe mphindi zitatu. Sajeni anayesa kudzuka, n'kuima pang'ono. Pulofesa anamwetulira poganiza kuti mankhwala agwira. Koma galu uja anayenda mapazi awiri ngati woledzera, kenako anangoti khu, mutu mu utuchi. Maso anali otsegula koma sankaona kanthu. Pulofesa anamuitana, anamugwedeza, koma ngakhale mchira sunasunthe.

Nthawi yomweyo geti linalira. Bambo ndi achimwene anali atabwerako. Pulofesa anaponya kabotolo m'thumba la siketi.

Bambo atafunsa chimene chachitika, iye anangoti, "Wangogwa." Silinali bodza, koma sichinalinso chilungamo chonse.

Achimwene sanafune kumva zambiri. Anali mnyamata wa zaka makumi awiri, wa mtima wapachala, ndipo nthawi yomweyo anayamba kulankhula mokweza, nkhope ataloza kumpanda wa aneba, kuti akudziwa amene wachita zimenezi ndipo aona. Bambo anawaletsa, nati zolongolola zidikire, galu akadapuma. Anayala chiguduli m'wilibala, achimwene n'kumugonekamo Sajeni, ulendo unayambika.

Achimwene ankakankha wilibala mothamanga. Bambo ankayesetsa kuwatsatira, koma kawiri konse anaima n'kugwira mtengo wa magetsi kuti apezeko mpweya. Pulofesa ankabwera pambuyo. Pa sitepe iliyonse kabotolo kaja kankamugunda pantchafu.

4. Pa tebulo la chitsulo

M'chipinda cha a vetenale munali tebulo la chitsulo, firiji yong'ung'udza pakona, ndi chithunzi chachikulu cha mafupa a ng'ombe pakhoma. A vetenalewo anali mayi wa imvi, wovala magalasi omangirira chingwe m'khosi. Sanataye nthawi ndi moni wautali. Anamvetsera mtima wa Sajeni, anamuyang'ana m'maso ndi tochi, kenako anafunafuna kugunda kwa magazi m'kati mwa ntchafu yake. Anati kukumveka patali kwambiri, bipi yagweratu. Anameta ubweya pamwendo kuti aike diripi. Koyamba singano inaphonya poti mtsempha unali utaphwa, ndipo anamata thonje pamalopo n'kubaya mwendo winawo.

Madzi atayamba kudontha, anayamba kufunsa. Achimwene ndi amene ankayankha zonse. Anati galu anali bwinobwino m'mawa, wangogwa mwadzidzidzi, ndipo palibe china koma poizoni wa aneba. A vetenale anati n'zoona kuti alipo poizoni wogwetsa galu m'mphindi zochepa, koma kawirikawiri galuyo amatuluka dovu ndi kunjenjemera, zimene Sajeni sankachita. Komabe nthawi inali kutha. Anatsegula kabati, natenga kabotolo ka mankhwala n'kupopa mu jakisoni.

"Jakisoni uyu ndi wolimbana ndi poizoni wofulumira uja," anatero. "Ngati ndi ameneyo, galu apulumuka. Ngati si ameneyo, mtima wakewu, umene watopa kale, uthamanga kuposa apa, ndipo mwina sapirira. Ndiye ndisanabaye ndifunse komaliza. Anali naye ndani m'mawa wonsewu?"

Bambo ndi achimwene anatembenukira kwa Pulofesa. Mtsikanayo anayang'ana jakisoni, anayang'ana bambo ake amene shati yawo inali itanyowa ndi thukuta, dzanja lili pamutu pa galu. Kenako anapisa m'thumba n'kuika kabotolo pa tebulo la chitsulo.

"Sanangogwa ayi," anatero ndi mawu otsika. "Wakhala akudwala kuyambira m'mawa. Ndinamupeza akupuma movutika, nkhama zitayera. Ndiye ndinamupatsa mapiritsi a bambo, awiri. Atangomwa ndi pamene anagwa."

Achimwene anatsegula pakamwa, koma bambo anawakwezera dzanja. A vetenale anawerenga zolembedwa pa kabotolo, n'kuika jakisoni uja pambali.

5. Zimene thupi linkachita

A vetenale anawonjezera liwiro la diripi, nakweza miyendo yakumbuyo ya Sajeni pa pilo. Ali m'kati mogwira ntchito anamuuza Pulofesa kuti afotokoze chimene ankaganiza. Mtsikanayo anafotokoza zonse, za kachikopa ka m'kati mwa mtsempha, za nayitiriki okusaidi, za timinofu tomasuka. Aka kanali koyamba kuti afotokoze chinthu mutu uli pansi.

"Zonse wanenazi n'zoona," anatero a vetenale, "ndipo n'zimene zatsala pang'ono kumupha. Unaona bwino kuti mitsempha yamangika, koma sunadzifunse kuti yamangikiranji. Tamvera, mwanawe. Nyama ikataya magazi, kaya madzi ambiri m'thupi, thupi limamanga dala mitsempha ya kukhungu, ya m'mapazi ndi ya m'nkhama, kuti magazi ochepa otsalawo azipita kumtima ndi kuubongo. Nkhama zoyera zija sikuti thupi linalakwitsa. Linali likudziteteza. Iwe unabwera ndi mapiritsi n'kutsegula mitsempha yonse nthawi imodzi. Magazi ochepa aja anabalalika thupi lonse, bipi inagwa, kuubongo sikunafike kanthu. Mankhwala amenewa nafenso timawagwiritsa ntchito pa agalu ena odwala mtima, koma timayamba tapima, tayeza kulemera kwa galu, tadziwa matenda ake. Kampweya kameneka n'kothandiza pamene thupi likukafuna, pa muyezo umene likukafunira. Ukadzaonanso chiweto kapena munthu ali chonchi, ntchito yako ndi kuthamanga kukaitana odziwa. Miyendo yako ikanamuthandiza galuyu kuposa mutu wako."

Anawonjezera kuti mphamvu ya timapiritsito sikhalitsa, ndipo mwina inali itayamba kale kutha. Funso lenileni tsopano linali loti magazi a Sajeni ankapita kuti. Apa m'pamene anayang'ana thonje lija anamata pamene singano inaphonya. Linali litafiira lonse, magazi akudonthabe. Anamutembenuza galuyo n'kupeza mabala akuda ngati zipsera pansi pa khungu la pamimba.

Anati awa ndi mankhwala a makoswe, aja osapha tsiku lomwelo. Amaletsa magazi kuundana, ndipo nyama imakha magazi m'kati mwakachetechete. Sajeni ayenera kuti anawadya masiku atatu kapena anayi apitawo. Anauza bambo kuti akanapanda kumva kuti galu anayamba kudwala m'mawa, akanataya nthawi kulimbana ndi poizoni wolakwika.

Anamubaya Sajeni mankhwala othandiza magazi kuundana. Kenako anatuluka kuseri n'kubwera ndi galu wawo wamkulu wakuda, amene anati anazolowera kupereka magazi kwa anzake. Pulofesa anapatsidwa ntchito yogwira thumba la magazi m'mwamba, ndipo analigwira mpaka mkono unachita dzanzi, osadandaula.

Cha m'ma 4 koloko nkhama za Sajeni zinayamba kufiirira. Bambo atamuitana, anatukula mutu pang'ono n'kumenyetsa mchira pa tebulo kawiri. A vetenale anati agone konko masiku awiri, ndipo adzamwa mapiritsi kwa milungu ingapo, koma moyo wokha waupeza.

6. Pobwerera

Achimwene anatsogola ndi wilibala yopanda kanthu. Bambo anayenda pang'onopang'ono ndi Pulofesa. Atafika pa benchi ya pokwerera basi anakhala pansi, namuuza kuti nayenso akhale.

"Mwana wanga, sindikukalipira, koma undimvetse," anatero. "Timapiritsi timeneti ine ndimatiopa, ngakhale ndi tanga. Ndikaika kamodzi ndimayamba ndakhala pansi, chifukwa mutu umazungulira, nthawi zina maso amachita mdima. Adokotala anandiuza kuti ndisadzapatseko munthu, ngakhale atandigwadira. Iwe wapatsa galu tiwiri. Lero ndi galu. Mawa akanakhala mayi ako atadandaula chizungulire, iwe n'kuthamangira kudilowa komweko. Sukulu ndimakutumiza ndine, ndipo ndimanyadira ukamafotokoza zinthu zimene ine sindinaziphunzire. Koma wodziwa weniweni amadziwanso pamene nzeru zake zathera. Chinanso ndi ichi. M'shedi muja unandiyankha kuti wangogwa. Mawu amenewo anandiyendetsa msewu wonsewu ndikukwiyira munthu wina. Pa tebulo paja unanena zoona, ndipo n'zimene zamupulumutsa Sajeni. Ndikufuna uzidzayamba ndi zimenezo, osati kumalizira."

Pulofesa anapepesa, misozi ikugwera pa siketi. Bambo anamupatsa kabotolo kaja n'kumuuza kuti akakabwezere yekha m'dilowa mmene anakatenga. Anati sakabisa malo ena, chifukwa tsiku lina iwo akadzagwa, adzafunika munthu wodziwa pamene kali.

Atafika kunyumba anapeza mayi atabwerako kuntchito. Bambo anawafotokozera zonse. Kenako anati nkhani ya mapiritsi yatha, koma ya mankhwala a makoswe sinathe. Iwo sanagulepo mankhwala otere, mayi nawonso anakana. Anati asamba m'manja, asinthe shati, apite kwa aneba akafunse maso ndi maso. Mayi anawachonderera kuti adikire mtima ukhale pansi, poti mkangano si wabwino kwa munthu wodwala chifuwa ngati iwo, koma bambo anati nkhani yotere siyenera kugona.

Pulofesa anatumidwa kukabweza wilibala kuseri kwa shedi. Kumeneko kunali khola la nkhunda za achimwene, limene analimanga okha ndi zidutswa za matabwa. Akukankhira wilibala pansi pa kholalo, gudumu linagunda chinthu. Anawerama n'kutulutsa sosala yosweka m'mphepete. Munali timibulu tobiriwira towerengeka, ndipo pa dothi lozungulira panali mapazi a galu.

Atadzuka anapeza achimwene ataima kumbuyo kwake. Ukali wonse wa masana uja unali utawathera. Ananong'ona kuti makoswe ankawadyera mazira a nkhunda, ndiye Lachiwiri anagula mankhwalawo n'kuwaika pamenepo. Sanaganize kuti Sajeni angafikepo. Anati anazindikira pamene a vetenale anatchula masiku anayi.

"Chemwali, usanene," anatero. "Iwe akukhululukira kale. Ine ndatukwana aneba msewu wonse ukumva. Bambo akadziwa, nkhunda zonsezi zipita, ndipo m'shedi muja sadzandilolanso. Tiye tingotaya, palibe adziwe."

Pulofesa asanayankhe, mawu a bambo anamveka kuchokera kumaso kwa nyumba.

"Pulofesa, bwera undiperekeze kwa aneba. Ukawafotokozere zimene anena a vetenale, iwe ndi amene wamva bwino."

Achimwene anatambasula dzanja kuti awapatse sosala ija. Geti linalira, bambo anali atalitsegula kale. Pulofesa anayang'ana dzanja la achimwene ake, koma sosalayo sanaisiye.